Nyimbo Imene Inadya Mawu a Raakel

Auli Kemppainen anakumana ndi Aatos pamaliro. Linali Loweruka, m'katchalitchi ka kunja kwa mzinda wa Oulu, kumene Auli ankaimba pamaliro chibwerereni ku Helsinki. Ku Helsinkiko anatherako utsikana wake wonse akuphunzira kuimba opera, kenaka n'kumaima mzere wakumbuyo m'kwaya, kudikira tsiku loti adzamuitanire kutsogolo. Tsikulo silinafike. Anabwerera kwawo ndi mawu okwera kwambiri, a sopulano, otha kudzaza holo yonse popanda maikolofoni, koma ntchito imene anaipeza inali yoperekeza mabokosi ndi kuphunzitsa piyano ana a eni ake.

Mwambo utatha, anthu akumwa khofi ndi mabanzi m'chipinda cha mpingo, panabwera bambo wina wowonda, tsitsi lofika m'chiuno, atavala suti yochita kuonekeratu kuti ndi yobwereka.

"Tawaikawa ndi azakhali anga," iye anatero. "Mwawaperekeza bwino, mayi. Ine ndine Aatos. Kodi nyimbo za meto mumamverako?"

"Zija magitala ake amalira ngati macheka odulira mitengo?"

"Zomwezo. Koma zathu zimayenda ndi mavayolini, malipenga ndi kwaya. Tikusowa munthu woti aziimba pamwamba pa zonsezo."

Auli anaseka mpaka khofi kutayikira m'sosala. Koma Lachiwiri lake anapita ndithu. Anali atatopa nako kuimbira anthu oti sangakuombere m'manja.

Gulu la Aatos linkakonzekera nyimbo zake m'chipinda cha pansi pa nyumba yakale yopangira batala. Munali m'Januwale, miyezi ija dzuwa limangosuzumira masana n'kubwerera. Auli anatsika masitepe oterera ndi chipale, n'kupeza anyamata awiri a magitala, pachibale pawo, osalankhulalankhula, ndi chibambo china chandevu chitakhala kuseri kwa ng'oma chikutafuna soseji.

"Vulani zipewa, Adona a opera afika!" chinakuwa chibambocho. "Ine ndine Tarmo, Adona. Mukamva mutu ukuwawa, wolakwa ndine."

Atayamba kuimba, Auli sanamve ndi makutu ayi, anamva ndi nthiti. Pansi panagwedezeka, mano ake n'kumagundana. Nthawi yake yolowa itakwana anatsegula pakamwa monga mwa masiku onse, koma sanamve kanthu. Aphunzitsi ake anamuphunzitsa kumvetsera mawu ake akamabwerera kuchokera kukhoma, n'kudziwira pomwepo ngati akuimba bwino. Muno khoma silinkabweza kanthu. Anamupatsa timahedifoni tolowetsa m'makutu, momwe ankamveramo mavayolini ojambulidwa kale pa kompyuta ndi kachinthu kogogoda, ko, ko, ko, kosunga nthawi. Mawu ake ankamveka kutali, ngati a munthu wogwera m'chitsime. Ndiye anayamba kukankha.

"Eyaa!" anatero Aatos maso ali ngwee, zala zili pa kiyibodi. "Izi ndiye ndimafunazi. Tiyeni tiyese Nsanja."

Nyimboyo ankaitcha Nsanja chifukwa inkangokwera osatsika. Kumapeto kwake woimba ankayenera kufika pamwamba penipeni, pamene ngakhale mu opera amangopondapo kamodzi n'kuthawa, ndiye n'kukhazikika pomwepo, magitala akubangula pansi pake. Auli anafikapo. Potsiriza maso ake anachita mdima, n'kugwira khoma.

Pakhoma pomwepo panali chithunzi chachikulu cha gululo. Patsogolo panaima mkazi wa diresi loyera, zikope zopakidwa zakuda, mutu uli chagada, kukamwa kuli yasa.

"Ameneyu ndani?" Auli anafunsa.

Tarmo anasiya kutafuna. Anyamata a magitala anawerama n'kuyamba kukonza zingwe zoti zinali bwinobwino.

"Ndi Raakel," anayankha Aatos. "Anasiya."

"Anapita gulu lina?"

"Anasiya basi. Tibwerezenso kumapeto kuja, inu ndi ine, enawa apume."

Umo ndi mmene zinkakhalira tsiku lililonse. Ena akatuluka kukasuta, Aatos ankamubwerezetsa kumapeto kwa Nsanja, iye yekha ndi kiyibodi, kufikira atakhutira. Auli sankakana. Kunena zoona nyimbozo zinamulowa m'magazi. Zinali zazikulu, zolusa, ndipo iye ndiye ankaziyenda pamsana.

Sabata yachiwiri ndi pamene Auli anaona koyamba mayi wina wa chijasi chotuwa. Anali ataima pafupi ndi kawindo kapansi kolowetsa mpweya m'chipinda chawo chija, mpango utakulunga nkhope mpaka pamphuno, chipale chitaunjikana pamapewa ngati munthu amene waima nthawi yaitali. Auli atatulukira, mayiyo anatembenuka n'kumapita. Mawa lake analiponso. Tsiku lina anamuona pamalo okwerera basi, tsidya la msewu, akungomuyang'ana. Tsiku linanso m'golosale, kuseri kwa mashelefu a mkaka, m'manja mulibe kanthu.

Auli anamuuza Tarmo.

"Mwatchuka, Adona," Tarmo anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. "Ine chiyambireni kumenya ng'oma, wonditsata ndi galu wa aneba basi."

"Ukumudziwa, eti?"

"Ine? Anthu a zijasi zotuwa adzaza Oulu yense." Anatola timitengo take n'kuyamba kugogoda pabondo, osamuyang'ananso.

Panali chinanso chimene Auli sanauze munthu. M'mawa uliwonse akadzuka, mawu ankabwera mochedwa, osasa, ngati chitseko cha dzimbiri. Ankapuma nthunzi ya madzi otentha, kumwa uchi, kugona ndi mpango pakhosi. Pofika masana ankayera ndithu, koma pamwamba paja panayamba kumveka kamng'alu kakang'ono, koti wina sangakamve. Iye ankakamva. Akamatsuka mano ankayang'ana kukhosi pagalasi, osaona kanthu, ndipo kusaona kanthuko n'kumene kunkamuopsa kwambiri.

Lachinayi lina anatsika basi cha m'ma folo koloko, kunja kuli kale bii. Kanjira kopita ku mdadada wa nyumba zawo kankadutsa m'mitengo ya paini. Atalowa m'mitengomo anamva mapazi kumbuyo, akuphwanya chipale, khwa, khwa. Anaima, nawo anaima. Anayenda, nawo anayenda. Anayamba kuthamanga, chikwama chikumumenya m'chiuno, mpweya wozizira ukumucheka pakhosi. Pakhomo la mdadadawo zala zinakana kugwira kiyi. Kiyi anagwera m'chipale. Atawerama kuti atole, dzanja linamugwira pamkono.

Anakoka mpweya kuti akuwe.

"Usakuwe." Sanali mawu, unali mpweya chabe wokhala ndi maonekedwe a mawu, ngati tayala likuphwa. "Mawuwo uwasunge."

Mayiyo anatsitsa mpango. Nkhope yake inali yotupirako, yopanda zopaka, koma Auli anaizindikira. Ankaiona tsiku lililonse pakhoma.

Auli anakwera naye kunyumba. Kukhitchini anateleka madzi a tiyi, koma anachita kuzimitsa ketulo isanawire chifukwa phokoso lake linkakwirira zonena za mlendoyo. Kuti amve, anayenera kusendeza mpando mpaka mitu yawo kutsala pang'ono kugundana.

"Kunali ku Tampere," Raakel ananong'ona. "Pamwamba pa Nsanja. Ndinamva ngati kaulusi kaduka apa." Analoza pakholingo. "Sikanapweteke n'komwe. Mawa lake ndinadzuka mawu atatsala theka."

"Simunapite kuchipatala?"

"Ulendo unali utangoyamba. Matikiti anali atagulidwa mpaka ku Germany. Ndinkameza mapiritsi ophwetsa chotupa, n'kukwera pa siteji. Palibe anandigwira pakhosi, mnzanga. Aatos anangofunsa kuti, ukwanitsa? Ine ndinati ndikwanitsa. Ukudziwa wekha mmene zimakomera kutsogolo kuja."

Auli anadzigwira pakhosi.

"Tinabwerako ndilibe mawu. Madokotala anang'amba kawiri. Chatsala ndi chimene ukumvachi." Raakel anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Pano ndimasanja mabuku ku laibulale. Kumeneko kunong'ona ndi lamulo, ndiye amandiyesa waulemu kwambiri."

"Nanga masiku onsewa mumanditsatiranji? Bwanji osangondiuza tsiku loyamba lomwe lija?"

Raakel anamuyang'ana nthawi yaitali, maso osaphethira.

"Chifukwa ndimafuna ndikumve ukusweka."

Auli anabweza mpando wake m'mbuyo.

"Ndinkaima pakawindo paja," Raakel anapitiriza, "kumamvera akukubwerezetsa ngati mmene ankandichitira ine. Mumtima ndinkati, naye alawe. Dzulo ndakamva kamng'alu kako. Kali pamalo pomwe kanga kanayambira. Ndimayesa ndisangalala, koma ndinakasanza kuseri kwa nyumba." Anaimirira n'kukulunganso mpango. "Chaona mnzako chapita. Kotsalako ukukudziwa."

Anatuluka osamwa tiyi.

M'mawa mwake Auli analawirira kuchipinda chapansi chija, n'kupeza Aatos ali yekha.

"Nsanja titsitse kiyi, isamakwere choncho," anatero asanavule n'komwe chipewa.

"Sizingatheke."

"Pang'ono pokha, Aatos. Ikundipha."

"Mayi, mavayolini mukuwamvawo si a m'kompyuta ayi. Ndi anthu enieni, holo yodzaza, tinakawajambula ku Tallinn. Ndinagulitsa kanyumba ka bambo anga ka kunyanja kuti zitheke. Mukawatsitsa ndi makina amalira ngati ng'ombe zodwala. Nyimbo ija inabadwira pamenepo, ndipo inu mumafikapo bwinobwino."

"Raakel nayenso ankafikapo."

Nkhope ya Aatos inayera ngati pepala. Anachotsa manja pa kiyibodi n'kuwabisa m'khwapa.

"Mwamuona? Ali bwanji?"

"Akukhala mumzinda mommuno. Mungathe kukamufunsa nokha."

Aatos anayang'ana pansi. Auli anaona kuti munthuyo sanali wouma mtima monga ankaganizira. Anali wamantha, ndipo zimenezo sizinamutonthoze mpang'ono pomwe.

"Mawa tili ku Kajaani," Aatos anatero potsiriza. "Anthu akubwerera nyimbo imeneyo. Tidzakambirana tikabwerako."

Ku Kajaani anaimbira m'holo yosewerera hoke, masewero a pa ayezi. Anali atayala matabwa pamwamba pa ayezi, koma kuzizira kunkaboola nsapato n'kukwera ndi miyendo. Auli anasuzumira kuseri kwa katani, atavala diresi lakuda lokwekwereza pansi, n'kuona khamu la anthu ovala zakuda, mitu ikuwinduka ngati nyanja. Chakutsogolo kagulu kena kankakuwa dzina limodzi, mobwerezabwereza: "Raa-kel! Raa-kel!"

"Musawamvere amenewo, Adona," Tarmo anamunong'oneza. "Akaledzera amaitana ngakhale amayi awo."

Magetsi anazima, mavayolini anayamba, ng'oma zinagwa ngati denga. Auli anatuluka.

Nyimbo zoyambirira zinamunyamula. Atatulutsa mawu oyamba, a kutsogolo aja anatseka pakamwa. Manja masauzande anakwera m'mwamba. Zaka zonse zija za mzere wakumbuyo zinasungunuka, ndipo kwa kanthawi anaiwala Raakel, anaiwala kamng'alu, anangokhala mawu okhaokha. Koma nyimbo iliyonse ikatha ankameza malovu n'kumva pakhosi patakula pang'ono kuposa poyamba.

Nsanja inali yomaliza. Aatos atangogunda kiyibodi, holo yonse inaphulika. M'makutu mwa Auli kachinthu kaja kanayamba, ko, ko, ko, kosadikira munthu. Ndime yoyamba inadutsa. Yachiwiri inakwera. Anayang'ana khamulo ndipo paliponse pamene maso ake anagwera ankaona ngati pali chijasi chotuwa, ngakhale ankadziwa kuti mwini wake ali kutali ku Oulu. Nyimbo inakweranso. Pamenepo anamva kanthu kakumubaya kumanzere kwa kholingo, kakang'ono ngati kaminga ka nsomba.

Sikanapweteke n'komwe.

Patsogolo pake panatsala mzere umodzi, kenaka pamwamba paja. Anthu anali atatsegula kale pakamwa kudikira, manja m'mwamba. Mbali ina ya mtima inkati, kwera, n'kamodzi kokha, wafikapo kambirimbiri. Anakoka mpweya wonse umene mapapo ake akanatha kusenza.

Ndipo anatsika. Anaimba mawu omwewo, koma pansi, m'chifuwa, pamene amaimbira a aluto. Mavayolini anakwera okha kukafika pamwamba popanda iye, ndipo pamene pankayenera kung'anima mawu ake panangokhala chibowo. Anaona Aatos akudzutsa mutu, tsitsi litamatirira kumaso, akumuyang'ana ngati wamubaya mpeni. Kutsogolo wina anakuwa monyoza. Kapu ya pulasitiki inauluka n'kumuthira mowa pa diresi. Tarmo anamenya ng'oma ngati wopenga kuti akwirire chibowocho, ndipo ambiri a kumbuyo sanadziwe n'komwe kuti pachitika kanthu. Anaomba m'manja, magetsi n'kuzima.

Kuseri kwa siteji Tarmo anamupatsa thaulo.

"Muli bwino, Adona?"

Auli anatsegula pakamwa kuti ayankhe, n'kutsekanso. Anaopa kumva chimene chingatuluke. Anangoloza pakhosi n'kupukusa mutu. Tarmo sanaseke. Anamuveka jekete lake lachikopa n'kumakankha anthu kuti apatuke.

M'mawa anakwera minibasi kubwerera ku Oulu. Atayenda mtunda wautali m'nkhalango yoyera mbuu, Aatos analankhula maso ali pamsewu.

"Mukanandiuza kuti muchita zimenezi. Mwandivula pagulu."

Auli anangoyang'ana pawindo.

"Aise, tayendetsa galimoto," anatero Tarmo. "Unauzidwa. Kawiri konse unauzidwa, ndipo koyambako, nthawi ya Raakel, tonse tinangokhala chete ngati zitsiru."

Lolemba Auli anapita kwa dokotala wa zapakhosi, mayi wachikulire wolankhula modukiza. Anamulowetsa kachingwe ka kamera m'mphuno, ndipo pa sikirini Auli anaona koyamba tinthu timene anadalira moyo wake wonse: timinofu tiwiri toyera, tating'ono kuposa chikhadabo. Kakumanzere kanali ndi kadontho kofiira.

"Kamtsempha kayamba kuchucha," anatero dokotala. "Mwafulumira, mwachita bwino. Tsopano mutseke pakamwa. Osaimba, osalankhula, osanong'ona. Kunong'ona ndiye koipitsitsa. Tidzaonana mwezi ukatha."

Auli anafunsa ndi maso.

"Sindilonjeza," dokotala anayankha. "Ambiri amachira."

Mwezi umenewo unali wautali kuposa zaka zonse za ku Helsinki. Ana a piyano anawaimitsa, maliro ankaimba ena. M'nyumba munkangomveka firiji. Ankaopa kutsokomola, ankaopa kuyetsemula, ankaopa kugona kuti mwina angalankhule kutulo. Nthawi zina ankaima pakati pa chipinda, dzanja pakhosi, chilakolako chofuna kuyesa liwu limodzi lokha chikumuyabwa ngati mphere, koma mantha oti mwina palibe chimene chitatuluke ankamukhazika pansi. Mawu akuti "ambiri" ankamuzungulira m'mutu. Raakel naye anauzidwa kuti ambiri amachira.

Aatos sanaimbe foni. Amene ankabwera ndi Tarmo, atanyamula poto wa supu ya nsomba yophika mkazi wake, n'kudzaza khitchini yonse ndi thupi lake ndi nkhani zake.

"Inu ndiye mkazi wabwino, Adona, wosayankha," ankatero akudzipakulira yekha supuyo. "Makonsati awiri tawaimitsa. Mkulu uja wadzitsekera m'chipinda chapansi, akusuta ngati sitima. Wasonkhanitsa ana a sukulu ya nyimbo, a mavayolini, akujambula Nsanja mwatsopano, chapansi. Akutukwana kuti ikumveka ngati nyimbo ya m'bafa. Koma akujambula." Anapukuta ndevu. "Dzana anapita ku laibulale. Ndinamuperekeza ine. Anaima pakhomo mpaka mphuno kufiira, n'kubwerera osalowa. Nanenso sindinalowe, ndisaname."

Tsiku lobwerera kwa dokotala linafika chipale chitayamba kusungunuka m'misewu. Kamera inalowanso. Kadontho kaja kanali katazilala, kutsala kachikasu pang'ono.

"Chabwino," anatero dokotala. "Tanenani kuti iii. Motsitsa."

Auli anagwira mpando ndi manja onse awiri. Anakoka mpweya n'kuubweza wopanda kanthu.

"Mayi, kunjaku kuli anthu ena akudikira. Iii."

Anatseka maso.

"Iii."

Kanatuluka kamawu kowonda, konjenjemera, ngati ka mwana wa mphaka. Koma kanali mawu, osati mpweya. Pa sikirini timinofu tija tinagundana bwinobwino, n'kulekana.

"Kachiwirinso," anatero dokotala akulemba. "Ndipo musalire, kulira kumatupitsa."

Auli anabwerera m'gululo mwezi wa Meyi. Anauza Aatos kuti sabwerezanso nyimbo payekha ena akapuma, ndiponso kuti tsiku limene pakhosi pavuta, iye sakwera pa siteji ngakhale matikiti atagulidwa mpaka kumwezi. Aatos anavomera ndi mutu, maso ali pa kiyibodi. Nsanja yatsopano sinakondedwe ngati yakale, ndipo patapita chaka anangoisiya. Auli anaimba ndi gululo zaka zingapo, mpaka ku Japan anakafika, koma pamwamba penipeni paja sanapondeponso, ndipo panalibe m'mawa umene anadzuka osayamba wagona chagada kwa kanthawi, akuopa kunena liwu loyamba.